Mwendo wa mwana wanga pa msonkhano wa bwana

Kwathu kuno, kufupi ndi Kachebere, woyambitsa nyimbo ndinali ine. Sikudzitama ayi, mawu ndinali nawo, ndipo ndikati ndikweze, a kutsidya kwa dambo ankaimika makasu. Ndinkayambitsa pa chinkhoswe, pa ukwati, pa maliro, komanso pa misonkhano ya chipani chimene ndinkachivinira. Nyimbo za chipanizi zinali ndi kapangidwe kake. Mkulu wina akalankhula pa wailesi, amayi a tcheya, amene ankatsogolera amayi a chipani m'dera lathu, ankabwera kwanga ndi mawuwo, ine n'kuwadula, n'kuwapinda, mpaka alowe m'ng'oma ya chimtali. Mawu a ndale amabwera aatali ndiponso opanda mchere, choncho mcherewo ndinkathira ndine.

Mwana wanga woyamba analowa usilikali atatopa ndi kupalasa kabaza pakati pa boma ndi ku boda ya Zambia, satifiketi ya fomu folo ili m'sutikesi. Chaka chimene ndikunenachi anali ku Kongo, pamodzi ndi anzake amene dziko lathu linatumiza kukathandiza boma la kumeneko polimbana ndi zigawenga. Ife Kongo tinkangoidziwira pa zitenje zake zosasuluka ndi nyimbo zolira m'magolosale. Zoti kumeneko anthu akumenyanirana chiyani, ngakhale lero mutandifunsa ndingakunamizeni.

Linali dzinja, fodya tikuthyola, pamene mpongozi wanga, mkazi wa mwana wangayo, anatulukira kuchokera ku Lilongwe osatumiza mawu. Nditamuona akutsika pa njinga, mwana kumsana, m'manja muli kajumbo kokha, ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Mkazi wa m'tauni sabwera kwa apongozi ndi kajumbo.

"Amayi, musalire, ali moyo," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Koma avulala mwendo."

Foni kwathu kuno ili ndi khalidwe lake. Ukakhala pakhomo imathawira ku Zambia, ndipo kuti igwire ya ku Malawi umayenera kukwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Tinakwera chulucho awiri, mvula ikuwaza, mpongozi wanga n'kunditsegulira mawu amene mwamuna wake anajambula n'kutumiza.

"Amayi, musadandaule kwambiri," anatero mwana wanga m'fonimo, akulankhula pang'onopang'ono ngati wangodzuka. "Ndi kachitsulo ka bomba kanalowa pansi pa bondo. Adokotala athu kuno achita zomwe angathe, koma akuti pakufunika chipatala chachikulu. Vuto n'loti atizungulira, ndege sizikutera. Mfuti zikangoleka, atinyamula."

Kuyambira tsiku limenelo nkhondo yonseyo kwa ine inali nkhani imodzi yokha: mfuti zileke, ndege itere, mwendo ufike kwa dokotala usanaonongeke. Ndipo sindinali ndekha wofuna zimenezi. Pa wailesi atsogoleri a mipingo ndi a mayiko ena ankapempha kuti mbali zonse ziyambe zaleka kuomberana, ovulala atulutsidwe. Wailesi yanga, imene kale ndinkangomverapo mauthenga a maliro ndi mitengo ya fodya, tsopano ndinkapita nayo ku chigafa n'kuipachika pamtengo ndikusoka fodya.

Ndili m'chigafa momwemo ndi pamene ndinamva mawu a bwana. Bwanayu ndi mkulu wina wa chipani chathu, wochokera m'boma lino, amene ankafuna uphungu ndipo ankadzitama kuti akuluakulu a ku Lilongwe sachita kanthu asanamufunse. Mtolankhani anawafunsa za pempho loti mfuti zileke. Iwo anaseka kaye, kuseka kwa munthu wokhuta. Kenako anati kuleka nkhondo pakati n'kwa amantha, zigawenga zimangofuna mpata wopumira, ndipo chofunika n'kuwonjezera asilikali ndi zida kuti anzathu a ku Kongo athandizidwe mpaka kumapeto. Anamaliza ndi kunena kuti Mmalawi sabwerera m'mbuyo.

Ndinaponya pansi fodya amene ndinali naye m'manja. Munthu ameneyu ndimamudziwa ine. Pa msonkhano wina pa sukulu yathu yomweyi, tayala la njinga litaphulika chifukwa cha dzuwa, bwana anapezeka ali kumbuyo kwa ahedi, chipewa chili pansi. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndi ine amene ndinayambitsa nyimbo msangamsanga kuti ndiwabisire manyazi. Lero yemweyo ndi amene akuti mwana wanga, wagona ndi chitsulo m'mwendo, asabwerere m'mbuyo. Ana ake a iye ali ku sukulu kunja kwa dziko, nkhondo amaionera pa kanema akudya. Ndinapsa mtima kwambiri moti mpongozi wanga anabwera kudzazimitsa wailesiyo.

Posakhalitsa amayi a tcheya anafika pakhomo, chitenje cha chipani chili m'chiuno, china kumutu. Ndi mayi wa msinkhu wanga, tinalowa chinamwali chimodzi, ndipo si munthu woipa. Vuto lawo ndi loti akamva galimoto ya bwana mawondo amangopindika okha.

"Amnzanga, bwana akubwera kudzachititsa msonkhano pa sukulu," anatero. "Akufuna nyimbo yatsopano. Mawu ake ndi omwe aja a pa wailesi, akuti Mmalawi sabwerera m'mbuyo."

"Amayi a tcheya, mukudziwa komwe kuli mwana wanga?"

"Ndikudziwa, pepani kwambiri. Tonse tikupemphera."

"Ndiye mukufuna ndiimbe kuti akhale konko?"

"Inu, ndi nyimbo chabe. Mesa timaimba tsiku lililonse za feteleza amene sitinamuonepo?"

Pamenepo ananena zoona, koma feteleza ukamusowa umathira manyowa. Ndinawapempha kuti andipezere mpata woonana ndi bwana msonkhano usanayambe, ndiwafotokozere ndekha. Ndinkaganiza kuti mwina munthuyo amalankhula choncho chifukwa sanaonepo mayi wa msilikali maso ndi maso. Ngati n'zoona kuti a ku Lilongwe amamumvera, bwenzi atasintha mawu, kapena kungokhala chete n'komwe, pempho la a mipingo lija n'kumveka bwino. Amayi a tcheya anati bwana saonana ndi munthu wamba mwachisawawa, koma uthenga akandiperekera okha. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Atabwerako anandiuza, nkhope ikuwala, kuti bwana akondwa kwambiri kumva kuti woyambitsa nyimbo wawo ndi mayi wa msilikali.

"Nanga za mwendo munanena?"

"Nthawi inachepa, amnzanga. Panali anthu ambiri."

Masiku omwewo panabwera mawu ena kuchokera ku Kongo. Mwana wanga anati bala layamba kutulutsa madzi, ndipo thupi likumatentha. Anayesa kuseka, n'kunena kuti anzake akumuuza kuti mwendo wake wanenepa kuposa wa mkulu wawo. Mpongozi wanga anatsika pachulu paja akulira. Ine sindinalire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chimene ndinali nacho ine chinali nyimbo.

Amene sanavinepo chimtali ndimufotokozere. Nyimbo imakhala ndi mbali ziwiri: woyambitsa amaponya mzere wake, gulu n'kuvomera ndi mawu omweomwewo nthawi zonse. Gulu silisankha. Ng'oma ikagunda, iwo amangovomera, kaya woyambitsa wanena chiyani. Komanso pabwalo pali ufulu umene pamkeka palibe. Zimene sungamuuze munthu wamkulu mutakhala pansi, pabwalo umamuimbira, ndipo iye sayenera kukwiya, amayenera kumva. Amayi athu ankadzudzula amuna oledzera ndi apongozi ovuta mwanjira yomweyi, pamtondo ndi pagule, ndipo nkhani zinkakonzeka.

Choncho ndinapeka nyimbo imene kuvomera kwake kunali mawu awiri okha: "Bwana, imvani." Pokonzekera, amayi a tcheya ali pomwepo, ndinkaponya mizere yoyamika bwana, ya msewu, ya mijigo, ndi ya kusabwerera m'mbuyo ija. Amayi a tcheya anaomba m'manja n'kunena kuti imeneyi ndiye nyimbo. Mizere yeniyeniyo ndinaisunga m'mutu, ngakhale mpongozi wanga sindinamuuze.

Tsiku la msonkhano bwalo la sukulu linali matope okhaokha. Anyamata a chipani anabwera pa lole atadzipaka utoto, ena ataledzera kale dzuwa lisanafike pamutu. Anamanga nsanja ya matabwa, n'kuimika zimkuzamawu zazikulu uku ndi uku. Bwana anafika mochedwa monga mwa nthawi zonse, nsapato zoyera, mnyamata wina akuwagwirira ambulera ngakhale mvula inali itakata. Atsogoleri atatha kulonjerana, anaitana amayi kuti tilowe m'bwalo, ndipo anandipatsa maikolofoni.

Ndinayamba ndi mzere umodzi woyamika kuti ng'oma zikhazikike ndi miyendo ya amayi igwirizane. Kenako ndinayenda chovina mpaka kutsogolo kwa nsanja, ndinagwada m'matopemo, n'kuwayang'ana bwana m'maso.

"Mwana wanga wagona ku Kongo," ndinaimba.

"Bwana, imvani," amayi anavomera.

"Mwendo ukuwola, ndege kulibe."

"Bwana, imvani."

"Mfuti zileke, ana abwere."

"Bwana, imvani."

"Nkhondo ikoma uli pampando."

Pofika apa amayi anali atazindikira zimene zikuchitika. Ndinaopa kuti asiya, koma anavomera mokweza kuposa poyamba. Ambiri mwa iwo mwana wangayo anakula akumuona, ena anawanyamulapo pa njinga yake kupita nawo ku chipatala. Anthu ozungulira bwalo anatchera khutu. Ngakhale anyamata a pa lole aja analeka mluzu wawo. Amayi a tcheya anaima ngati chitsa, dzanja lili pakamwa. Ndinabwereza mizere ija, misozi tsopano ikutsika, ndipo mumtima ndinati basi, wamva, munthu wobadwa mwa mkazi sangalephere kumva.

Ndipo anamvadi. Pasapezeke wondiuza kuti bwana sanamve, chifukwa ndinaona nkhope yawo ikusintha, maso akuthamanga uku ndi uku kuwerenga anthu. Kenako anaimirira, anamwetulira, n'kutsika pansanja akuvina. Anyamata aja anayamba kukuwa. Bwana anafika pamene ndinagwada, anandigwira dzanja n'kundidzutsa. Mwambo wake ndi woti mlendo akalowa m'bwalo sumusiya avine yekha, ndipo ng'oma zinali zikulirabe. Miyendo imene yavina kuyambira utsikana siyembekeza kuuzidwa. Ndinaponda nawo kangapo, ndikuganiza kuti akubwera kudzandiyankha monga mwa mwambo. Iwo anandikokera pansanja, n'kunditenga maikolofoni m'manja mwaulemu kwambiri.

"Mwawamva mayi awa?" anafuula. "Awa ndi mayi wa ngwazi! Mwana wawo wakhetsa magazi ku Kongo. Akuti bwana imvani, ndipo ine ndamva! Kodi magazi a mwana ameneyu apite pachabe?"

"Ayi!" anakuwa anyamata aja.

"Tikaleka lero, ndiye kuti mwana wa mayi awa wavulalira chiyani? Amene akuti mfuti zileke akunyoza misozi iyi! Tiwonjezere asilikali, tiwonjezere zida, timalize ntchito! Mmalawi amatani?"

"Sabwerera m'mbuyo!"

Dzanja langa anali atalikweza m'mwamba, atalifinya moti sindikanatha kulitsitsa. Ndinakuwa kuti, "Sindinatero ine! Bwana, sindinatero!" Koma mawu a munthu mmodzi angapikisane ndi zimkuzamawu? Wina anayatsa nyimbo ya chipani, wina anandifunditsa chitenje chatsopano pamapewa, ndipo kutsogolo kwanga kunali anyamata atakweza mafoni, akujambula. Kenako anthu awiri ananditsitsa pansanja mondithandiza, ngati nkhalamba yodwala, n'kukandisiya kumbuyo kwa kalasi.

Ndakwiyapo m'moyo mwanga, koma mkwiyo wa tsiku limenelo sindinauonepo. Munthu akakukaniza chinthu, umadziwa kuti wakana, umapita kwina. Koma uyu anatenga kulira kwanga, ine ndili pomwepo, n'kukusandutsa umboni wake. Mwendo wa mwana wanga anaugwiritsa ntchito ngati ndodo yoimbira ng'oma. Chitenje chija ndinachisiya pawindo la kalasi, ndipo amene anachitola chimukomere.

Amayi a tcheya anandipeza panjira.

"Amnzanga, mwatichititsa manyazi. Mwayi wake bwana ndi munthu wabwino, sanakwiye."

"Akanakwiya zikanakhala bwino," ndinatero. "Choka pamaso panga."

Aka kanali koyamba kuwatchula kuti iwe chikhalire, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Ndinkaganiza kuti zathera pabwalo paja, osadziwa kuti mafoni aja ali ndi ntchito yawo. Anadula kanemayo bwinobwino. Nyimbo yanga munalibe, kugwada kwanga munalibe. Munali ine ndikuvina ndi bwana, kenako ine pansanja dzanja lili m'mwamba, misozi kumaso, chitenje cha chipani pamapewa. Pansi pake analemba kuti mayi wa msilikali wovulala wati nkhondo ipitirire. Mpongozi wanga ndi amene anandionetsa, mnzake wa ku Lilongwe atamutumizira n'kumufunsa ngati apongozi ake mutu ukuyenda bwino.

Kanemayo anayenda kuposa munthu. Tsiku lina pa msika, mayi wina wa ku Chipata amene amabwera kudzagula mtedza anandiyang'anitsitsa, n'kunena m'chinyanja chawo chija, "Ni imwe amai ba mu foni? Mwana ali ku nkhondo, imwe muvina! Muli na mtima wolimba maningi." Sindinadziwe ngati akundiyamika kapena akunditukwana. Ndinayamba kumufotokozera, koma iye maso anali kale pa sikelo.

Chimene chinandisowetsa tulo n'choti ngati kanemayo wafika ku Chipata, ku Kongo alephera bwanji? Ndinakwera chulu chija, mpongozi wanga atandigwirira foni, n'kujambula mawu. Ndinafotokoza zonse, za amayi a tcheya, za mizere imene ndinabisa, za dzanja lofinyidwa. Mawuwo sanafike. Mpongozi wanga anandionetsa kachizindikiro kamodzi kotuwa pambali pake, n'kunena kuti tizizindikiroto tikakhala tiwiri ndiye kuti alandira. Kumene kunali ana athuko magetsi anali atatha, mafoni anazima. Ndinkakwera chulucho m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda, mpaka njira inapangika, ndipo kachizindikiroko kanakhalabe kamodzi.

Sindinganene kuti bwana yekha ndi amene anatsekereza ndege. Nkhondo ija inali ndi eni ake aakulu kuposa iye. Koma pamene anthu ankapempha kuti ovulala atuluke, iye anali mbali ya okana, mokweza, pa wailesi ndi pa misonkhano, ndipo kulikonse kumene ankapita ankatchula mayi wa ku Mchinji amene anamupempha kuti asafooke. Tsiku lililonse limene akuluakulu ankakokanakokana, bala lija silinkadikira. Chimanga chinamasula ngayaye, chinabereka, tinayamba kuotcha chachiwisi, mwana wanga akadali komweko.

Mfuti zinadzaleka ndithu, anthu ena atagwirizana kwina kumene ife sitikudziwa. Tinamva pa wailesi kuti ovulala atulutsidwa, adutsa pa msewu m'mayiko ena, kenako akwera ndege. Tsiku lomwelo bwana analankhulanso pa wailesi. Anati ndi okondwa kwambiri, pakuti iwo chiyambire ndi munthu wokonda mtendere, ndipo akhala akupempherera ana athu usana ndi usiku. Mtolankhani sanawakumbutse kanthu. Ine ndinatukwana mawu amene mayi wa mumpingo sayenera kuwadziwa n'komwe, mdzukulu wanga ali pomwepo.

Anatiitana ku chipatala china ku Lilongwe. Tinanyamuka m'mamawa ine ndi mpongozi wanga, mwana kumsana, njinga mpaka pa boma, kenako minibasi. M'njira monse ndinkakonza mawu oti ndikanene, kuyambira pachiyambi, mwadongosolo, kuti amve bwino. Tisanalowe m'chipinda, namwino wina anatitengera pambali. Anati mnyamatayo ali bwino, akudya, akulankhula. Kenako anati mwendo sanathe kuupulumutsa, audula pamwamba pa bondo, chifukwa bala linakhalitsa ndipo linali litakwera. Mpongozi wanga anafunsa ngati akanaupulumutsa akanafika msanga. Namwinoyo anayang'ana pansi n'kunena kuti zimenezo tikafunse adokotala.

Anali pa bedi la kumapeto, pafupi ndi windo, ataonda moti ndinamuzindikirira makutu. Bulangete linali litatukuka mbali imodzi, mbali inayo linangogona pa matiresi. Mkazi wake anamugwera pachifuwa. Ine ndinaima kumiyendo kwa bedi, manja ndikusowa poika. Atamaliza kunyamula mwana wake ndi kumuseka kuti wamera mano, anatembenukira kwa ine.

"Amayi, mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, bambo. Kaya iwe?"

"Ine ndi uyu mukumuonayu. Ndinakuonani pa foni, mafoni asanathe moto. Tenti yonse inakuonani. Munavina bwino."

Sananene mokwiya, sananenenso moseka. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kufotokoza, koma dongosolo lonse la mu minibasi lija linabalalika. Ndinayambira pakati, pa chitenje, kenako ndinabwerera kwa amayi a tcheya, kenako ndinalumphira ku chulu. Iye ankangogwedeza mutu, maso ali kudenga.

"Chabwino, amayi, ndamva," anatero ndisanafike n'komwe pa nyimboyo. "Mudzandiuza bwino tsiku lina. Mankhwalawa amagonetsa."

Anatseka maso. Ndinakhala pomwepo, mbali ya bedi imene inali ndi malo, mpaka namwino anabwera kudzatiuza kuti nthawi yoona odwala yatha.